Nsanjika ya Achimwene

Ndinapita ku Ireland kukaphunzira za chivomerezi, m'dziko limene nthaka yake sigwedezeka. Anthu akamva zimenezi amaseka, ndipo nanenso ndinkaseka masiku oyambirira. Dzikolo inasankha ndi sikolashipu, ine ndinangosankha phunziro.

Amene anandiperekeza ku bwalo la ndege ku Lilongwe anali achimwene anga a Fanuel. Iwowa ndiwo anandilera bambo atamwalira ndikadali ku pulayimale, ndipo fizi yanga yonse mpaka kumaliza za uinjiniya inachokera m'kashopu kawo kogulitsa misomali, penti ndi simenti pa tauni ya Salima. Tsiku limenelo anavala jekete ngakhale kunali kotentha, ndipo anandinyamulira chikwama mpaka pamene alonda anawauza kuti apa ndiye mubwerere.

Nthawi ya sukulu ndinkakhala ku Drumcondra, mumzinda wa Dublin, m'kachipinda kapamwamba kamene khoma lake linkachita nkhungu ngakhale ulipukute chotani. Masiku a mpira anthu ankadzaza msewu wathu wonse kupita ku bwalo la Croke Park, atavala malaya ofanana, ine ndili pawindo ndi bulangete pamapewa. Nditamaliza maphunziro ndinapeza ntchito pa kampani ina yojambula mapulani a nyumba zazitali, ndipo ndinasamukira ku Mulhuddart kumene lendi inali yopepukirapo. Nyumbayo tinkakhala awiri ndi ba Esnart, mayi wa ku Chipata ku Zambia amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, ndipo kuyambira tsiku loyamba ankanditchula kuti mwana.

Ofesi yathu inali m'katikati mwa mzinda, pafupi ndi mtsinje. Dublin si mzinda wa nyumba zazitali. Zimene tinkajambula zinali za kumayiko akutali kumene nthaka imavuta. Ine anandiika pa nyumba ina ya maofesi ndi mafulati, yotalika moti munthu ataima pansi pake n'kuyang'ana kumwamba chipewa chingamugwe. Sindinaionepo ndi maso, ndipo mpaka lero sindinaione.

Tsiku lina ba Esnart akusita yunifolomu yawo anandifunsa kuti, "Manje iwe mwana, nchito yako ni yabwanji maka maka? Uchoka kuseni, ubwela wolema, koma sinionako dothi ku nsapato zako."

Ndinawauza kuti ndimagwedeza nyumba pa kompyuta. Anaimika nsimbi n'kundiyang'ana, ndiye ndinafotokoza. Pa nyumba wamba, injiniya amatsegula buku la malamulo n'kumatsata: chitsulo chikhale chokula chonchi, khoma likhale lokhuthala chonchi. Koma nyumba ikatalika kwambiri, malamulo aja amatsalira m'munsi. Ndiye ife tinkayamba ndi kugwirizana ndi mwini wake kuti nyumbayo idzachite chiyani tsiku la chivomerezi. Chikadzakhala chaching'ono, cha mtundu umene umabwerabwera, anthu adzachite mantha chabe, mawa lake n'kubwerera m'maofesi mwawo. Chikadzakhala chachikulu zedi, choti munthu akhoza kubadwa n'kufa osachiona, nyumbayo iloledwe kuwonongeka, magalasi asweke, makoma ang'ambike, koma isagwe, anthu atuluke amoyo. Tikagwirizana zimenezo tinkaimanga nyumba yonseyo m'kompyuta, kenaka n'kuigwedeza ndi zivomerezi zenizeni zimene makina anajambula pamene zinkachitika m'mayiko osiyanasiyana. Inkavina pagalasipo ngati bango, ndipo mbali iliyonse imene yapanikizika kwambiri inkasanduka yofiira. Tikatero tinkakonza pofiirapo n'kugwedezanso.

"Ndiye muvomela kuti iphwanyike?" anatero ba Esnart.

"Timasankha pomwe iphwanyikire."

Zimenezo anandiphunzitsa ndi Emre, mnzanga wa ku Turkey amene tinkakhala madesiki oyandikana. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda tiyi wowawa. Ankati nyumba sungailetse kupweteka, koma ungaiuze popwetekera. Mitanda yopingasa iyambe ndiyo kugonja, ipindike, imwe mphamvu ya chivomerezicho. Koma mapilala, amene anyamula zonse, asakhudzidwe. Pilala likathyoka palibenso kukambirana.

Ntchitoyo ndinaikonda. M'nyengo yozizira ndinkakwera basi kudakali mdima n'kubwerera kutada kale, dzuwa osaliona sabata yathunthu, koma ndinkadziwa kuti chimene ndikuchita chili ndi mutu. Mwezi ukatha ndinkatumiza kumudzi zimene ndikanatha. Ndinkatumiza kwa achimwene, chifukwa ndiwo ankasunga amayi, ndipo sindinkafunsa kuti zapita kuti.

Patapita nthawi achimwene anandiuza pafoni kuti agula puloti pafupi ndi msika, ndipo akufuna kumanga nyumba yosanja. Pansi padzakhala mashopu, pamwamba pake zipinda za lendi, ndipo pamwamba penipeni adzakhalapo iwo, alamu anga, ana ndi amayi. Ndinasangalala. Ndinawapempha kuti anditumizire pulani ndiione. Anati pulani ili ndi mmisiri. Ndinapemphanso mwezi wotsatira. Anati mmisiri wapita kumaliro.

Chimene chinabwera m'malo mwa pulani chinali zithunzi. Ndinazitsegula ndili pa basi, ndipo ndinapitirira potsikira panga osadziwa. Mapilala a pansi anali owonda, oyenera khonde la nyumba ya mphunzitsi. M'kati mwa pilala mumakhala zitsulo zoimirira, zomangidwa ndi timphete tachitsulo kuti konkire isaphulike pogwedezeka. Timphete ta achimwene tinali totalikirana ngati mano a nkhalamba. Pansi ponsepo panali pamtunda, popanda khoma lenileni, chifukwa mashopu amafuna magalasi ndi zitseko zazikulu. Pamwamba ndiye panali kubwera makoma a njerwa, olemera. Ndipo nthaka ya kwathu ndimaidziwa, ndi yamchenga, yofewa, ndipo dera lathu lili m'chigwa chimene chimagwedezeka. Amayi ankatisimbira tili ana za tsiku limene anathawa m'nyumba atabereka achimwene kumbuyo, nthaka ikuyenda ngati madzi.

Ndinaimba foni nditangofika kunyumba.

"Achimwene, mapilalawo ndi owonda. Muimitse kaye ntchito."

"Chemwali, mmisiri ameneyu wamanga theka la tauni ino. Palibe nyumba yake inagwapo."

"Sizinagwe chifukwa sizinayesedwe."

Anaseka, kuseka kwachikondi, ngati mmene ankasekera ndikabwera ndi mafunso a ku sukulu. "Kuno si ku Ulaya, mayi. Chitsulo chakwera mtengo. Tikatsata za m'mabuku mwakozo tidzamaliza tili m'manda."

Ndinayesa kufotokoza za timphete tija. Anati andipatse mmisiri ndilankhule naye ndekha. Mmisiriyo anandimvetsera mwaulemu, kumangoti inde madamu, inde madamu, ndipo sabata yotsatira anathira konkire momwemo.

Zithunzizo ndinamuonetsa Emre nthawi ya nkhomaliro. Anazikuza ndi zala, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa kuti pamwamba padzakhala ndani. Nditamuuza kuti amayi anga, anandibwezera foni n'kunena kuti azakhali ake ankakhala m'nyumba yotere, ya mashopu pansi. Sindinafunse kuti inatha bwanji. Tiyi wake anamusiya osamwa.

Nyumba inatha. Anaipaka penti wachikasu, n'kuitanitsa abusa kudzaidalitsa. Anandiimbira pa vidiyo tsiku limenelo kuti ndione amayi akukwera masitepe atavala chitenje chatsopano, akupumira pakona iliyonse chifukwa cha mawondo. Atafika pamwamba anaima pawindo n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndikuona mpaka ku njanji." Nkhope yawo inali yowala moti ndinangoti zikomo kwa Mulungu, amayi. Foni itaduka ndinakhala pa masitepe a nyumba yathu ya ku Mulhuddart mpaka ba Esnart anandipeza pomwepo akuchokera ku ntchito.

Chivomerezi chinabwera m'nyengo ya mvula ya chaka chotsatira. Sichinali chachikulu, ndipo nkhani za kunja sizinachitchule n'komwe. Ine ndinamva kwa amayi, amene anandiimbira m'mawa ndikukonzekera kupita ku ntchito. Anati mbale zinagwa m'kabati, nyumba inalira ngati mtengo wouma, ndipo ana anathawira pansi. Iwo sanathe kutsika msanga, ndiye anangokhala pabedi n'kumapemphera mpaka zinatha.

Ndinapempha alamu anga kuti ajambule mapilala onse a pansi, makamaka kumutu kwake pamene akumana ndi silabu. Anajambula mobisa achimwene atapita ku shopu. Pa mapilala a kutsogolo panali ming'alu yodutsana, yopendekeka, ndipo pa limodzi konkire inali itagamphuka, chitsulo chikuoneka. Ku ntchito kwathu chivomerezi cha msinkhu umenewo ndi chija timati nyumba isachimve n'komwe. Ya achimwene inachimva m'mafupa, ndipo inapwetekera pamalo penipeni pamene siyenera kupwetekera.

Ndinafuna kukwera ndege sabata yomweyo. Koma khadi langa lokhalira m'dzikomo linali litatha, latsopano ndikudikirabe, ndipo anandichenjeza kuti ndikatuluka ndisanalilandire kubwerera kudzavuta, ntchito n'kutha. Ntchito ikanatha, mankhwala a amayi ndi fizi ya ana a achimwene zikanatha nayo. Ndinkayang'ana bokosi la makalata m'mawa uliwonse. Munkangobwera mapepala otsatsa pitsa.

Emre ndiye anati tisangokhala. Loweruka lina tinapita ku ofesi kulibe anthu, ndipo nyumba ya achimwene tinaimanga m'kompyuta momwe tinkamangira nyumba zazitali zija, poyerekeza miyezo kuchokera pa zithunzi. Inali kanthu kakang'ono pagalasipo. Tinaigwedeza ndi chivomerezi chapakatikati, osati chachikulu. Pansi ponse panafiira nthawi yomweyo, ndipo nsanjika zam'mwamba zinatsika zathunthu n'kukhala pamene panali mashopu. Emre anazimitsa msanga. Kenaka tinajambula njira yoikonzera: kuveka mapilala aja malaya a konkire ndi zitsulo zatsopano, ndi kumanga makoma olimba angapo pansipo, kuyambira pa maziko. Sizikanaisandutsa nyumba yabwino, koma zikanapatsa anthu mpata wotuluka. Ndinalemba zonse m'Chichewa chosavuta, n'kunena kuti ndilipira ndine.

Achimwene anayankha patapita masiku. Anati makoma amenewo atseka kumaso kwa mashopu awiri, ndipo amalonda achoka. Anati ukayamba kugumula mapilala tauni yonse idziwa kuti nyumba ya Fanuel ndi yowola, anthu a lendi a pamwamba nawonso athawa. Anati ming'alu ija aikonza kale. Ananditumizira chithunzi. Anali atamata pulasitala n'kupakanso penti wachikasu uja, mosalala bwino.

Apa ndinalankhula mawu amene sindinawalankhulepo kwa iwo. Ndinati ngati sakonza ndikanena kuboma kuti adzaitseke nyumbayo. Anangoti, "Chabwino, injiniya," n'kudula.

Tsiku lomwelo amayi anandiimbira. Sanakweze mawu. Anati, "Mkulu wako anasiya sukulu kuti iwe uphunzire. Ankagona m'shopu pa matumba a simenti. Lero waimika chinthu choti anthu azimulozera, ndiye iwe ukufuna umuitanire apolisi? Ukatero, maliro anga usadzabwere."

"Amayi, ndikuopa kuti idzakugwerani."

"Imfa ilibe nsanjika, mwana wanga. Bambo ako anafera pamphasa."

Ndinaika foni pansi. Ba Esnart anamva zonse ali kukhitchini. Anabwera ndi mbale ya mpunga ndi nyemba n'kuiika pamiyendo panga. "Idya poyamba," anatero. Nditakana anakhala pambali panga n'kundiuza kuti amayi awo anamwalira ku Chipata iwo ali kuno, akusambitsa amayi a anthu ena. Anati ankadziwa dzina la mankhwala amene ankafunika, ankadziwa ndi mlingo wake, koma kudziwako kunali ku Dublin, wodwala ali ku Chipata. "Ningakuuze chani, mwana? Tili kutali chabe." Lamlungu lake ananditenga ku tchalitchi chawo ku Ballymun, chimene chinkakumana m'holo ya lendi, ndipo anaimirira n'kupempha mpingo kuti upempherere nyumba ina ku Malawi. Anthu anapemphera ndi mtima wonse. Ena ankaganiza kuti ndi banja limene likufuna kutha.

Ku ntchito nyumba yathu yaitali ija inafika poti iunikidwe ndi akatswiri ena akunja, monga zimakhalira ndi nyumba zotere. Tinakhala m'chipinda cha misonkhano tsiku lathunthu, akuluakulu a imvi akutsutsana ngati nsanjika ina ya pamwamba ingapendekeke mopitirira pang'ono pa chivomerezi chimene mwina sichidzabwera m'moyo wa aliyense wa ife. Anatibweza kuti tikagwedezenso. Tinagwedeza, tinakonza, anavomereza. Sindikunyoza, ntchito imeneyo ndi yoyenera, ndipo anthu amene adzakhale m'nyumba imeneyo adzagona bwino chifukwa cha mkangano umenewo. Koma tsiku limene abwana anabweretsa keke kuti tisangalale, ine ndinali ndi chithunzi cha pilala logamphuka m'thumba la jekete, ndipo palibe m'chipindamo amene akanatha kuchitapo kanthu, ngakhale onsewo pamodzi.

Khadi lija linabwera mochedwa, mkwiyo wa achimwene utazizira n'kusanduka ulemu. Ankayankha foni, kufunsa za nyengo, kuthokoza pa zimene ndatumiza. Ndikatchula mapilala ankati netiweki ikuvuta. Ndinakhalabe ku Dublin zaka zina zingapo. Ndinazolowera kudzuka n'kuyang'ana pa foni ngati kwathu kwagwedezeka ndisanatsuke m'kamwa. Emre anasamukira ku kampani ina, koma nthawi ndi nthawi ankanditumizira uthenga wa mawu awiri, wofunsa ngati nyumba ya achimwene ikadali chiimire.

Ndinaganiza zobwerera amayi atayamba kudwaladwala. Ndinkadziuzanso kuti zimene zakanika pafoni mwina zingatheke pamaso. Ba Esnart anandiperekeza mpaka pa basi ya ku bwalo la ndege, atandikakamiza kutenga majuzi awiri oti ndikapatse amayi, ngakhale ndinawauza kuti ku Salima munthu safuna juzi.

Achimwene anadzanditenga ku Lilongwe pa galimoto yawoyawo. Anali atanenepa, imvi zitayamba, ndipo pa msewu apolisi ankawapatsa moni wa abwana. Njira yonse ankangomwetulira, kumati kunyumba kuli kanthu kakudikira. Ndinkaganiza kuti apha mbuzi.

Titakhota pa msika ndinaiona. Nyumba ija inali itatalika. Pamwamba pa nsanjika ya amayi panali nsanjika ina yatsopano, ya njerwa, ya khonde lake, ndipo pamwamba pa iyo panali thanki yaikulu ya madzi. Mapilala a pansi anali omwe aja.

"Sitinakuuze dala," anatero achimwene akuzimitsa galimoto. "Ndi yako imeneyo. Zonse unkatumiza zaka zapitazi zili mmenemo. Sindinadyepo ngakhale tambala."

Ananditsogolera pa masitepe. Amayi anali pa mpando pakhomo la chipinda chawo, atachepa thupi, ndipo alamu anandinong'oneza kuti masiku ano satsikanso pansi, ngakhale ku tchalitchi abusa amachita kubwera. Koma tsiku limenelo anaumirira kukwera nafe, achimwene atawagwira mbali ina, ine mbali ina. M'mwambamo munali matailosi oyera, makatani, bedi latsopano likadali m'pulasitiki, ndi desiki pafupi ndi windo. Achimwene anati desikiyo anachita kuitanitsa kwa kalipentala wa ku Lilongwe, chifukwa injiniya amafuna pojambulira. Ankandiyang'ana kumaso, kudikira.

Ndinati, "Zikomo, achimwene. Ndi yokongola." Inalidi yokongola.

Ndinadikira masiku angapo ndisanayambitse nkhani. Tinakhala awiri m'shopu mwawo, ndipo ndinawauza mofatsa kuti nsanjika yatsopanoyo yawonjezera katundu pa miyendo imene inali italephera kale. Sanakwiye. Anati akumva, ndipo chaka chamawa malonda akayenda bwino tidzaona. Ndinapempha kuti amayi asamukire ku nyumba yathu yakale ya kumudzi, ine ndikakhale nawo. Amayi anakana. Anati sangachoke pamene pali ana awo onse awiri kwa nthawi yoyamba chichokereni ine, ndipo ndikakagona kwina anthu adzati nyumba ya mkulu wanga ndaiona chiyani.

Chimodzi chokha ndi chimene anandilola. Thanki ija anavomera kuti itsike, imangidwe pa chitsulo chakechake kuseri. Tsiku loitsitsa anthu anasonkhana kudzaonerera, amuna akuikoka ndi zingwe, ikulendewera m'mbali mwa khoma. Achimwene anaima pakati pa gululo n'kumauza aliyense kuti mlongo wawo, amene anaphunzira za zivomerezi ku Ireland, ndiye walamula zimenezi, ndipo nyumba ino tsopano ndi yotetezeka kuposa ina iliyonse pa tauni pano. Anthu ankandiyang'ana n'kumagwedeza mitu mwaulemu. Mayi wina wogulitsa nsalu m'shopu ya pakona anandigwira dzanja n'kunena kuti tsopano mtima wake wakhala pansi.

Thanki itafika pansi, amayi anasuzumira pawindo lawo n'kundiitana kuti tiyi wapsa, ndikwere asanazizire. Ndinali nditaima pafupi ndi pilala la kutsogolo lija. Ndinaligogoda ndi chala pamene panali mng'alu, ndipo linalira ngati chikho chopanda kanthu. Amayi anaitananso. Ndinakwera.